Makina Amene Anadya Nyimbo ya Amayi Anu

Adzukulu anga akabwera kuno ku Bangwe amakonda kundifunsa kuti, “Agogo, inu mumati munali katswiri wa makompyuta, nanga bwanji vidiyo ya ukwati wa amami ndi yaifupi chonchi?” Ine ndimangoseka n'kuwatuma madzi akumwa. Koma poti ntchito ndinapuma ndipo maso ayamba kundithawa, ndati ndiilembe nkhaniyi yonse. Mphatso, mwana wanga woyamba, mbali yako ukuidziwa. Inu awiri, Madalitso ndi Chikondi, munali kusukulu nthawi imeneyo, ndipo munangouzidwa kuti kompyuta inaonongeka. Kompyuta sinaonongeke yokha ayi.

1978, Makata

Za ubwana wanga ku Phalombe ndinakusimbirani mpaka kukutopetsani, sindibwereza. Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ku Makata, pa kampani yokonza mataipilaita. Ndinalowa pageti ndi buluku lobwereka, ndipo woyamba kundilankhula anali kapitao wa woshopu, a Matewere, bambo wamfupi wovala ovolosi yoyera ngati dokotala. Anandiyang'ana zikhadabo asanandiyang'ane kumaso. “Iwe, makina a anthu sitigwira ndi zala zokumbira chinangwa. Kasambe.” Ndinapsa mtima, ndinatsala pang'ono kubwerera pageti pomwepo, koma njala ndi imene inandikhazika pansi. Munthu ameneyu ndiye anandiphunzitsa zonse zimene ndadyera moyo wanga wonse: kusanja masikuluu motsatira mmene wawamasulira, kusabweza makina kwa mwini wake usanawayese wekha, kusanena kuti wasintha chitsulo pamene wangochipukuta. Ankakonda kunena kuti, “Khoromana, makina sanama. Amanama ndi makaniko.” Tsiku limene ndinkakwatira amayi anu, tayi imene ndinavala inali ya a Matewere. Kumanga tayi sindinakuphunzire mpaka lero. Nthawi zonse imakhotera kumanzere, ndipo amayi anu ndiwo ankandiwongolera akung'ung'udza.

1997 mpaka 2003, Ndirande

Mataipilaita anafa tikuona. Maofesi anayamba kugula makompyuta, ntchito inachepa, kampani inatseka. A Matewere anali ataona kale kumene mphepo ikulowera. Anali atapita ku Joni kukaphunzira za makompyuta ndi ndalama zawo, ndipo anatsegula kashopu ku Ndirande, kuseri kwa msika. Anabwera okha kunyumba kudzanditenga. “Tiye, tikapanda kuphunzira tiikidwa m'manda limodzi ndi mataipilaita athuwa.” Ndinaphunzira ndili ndi imvi zoyamba, ndikuchita manyazi, koma ndinaphunzira.

Mavuto a masiku amenewo achinyamata a lero sangawamvetse. Zipangizo sizinkapezeka. Zinkabwera kuchokera ku Joni m'zikwama za amayi a geni, zitakulungidwa m'mabulangete, ndipo ndalama zakunja zikasowa ku banki tinkangokhala kuyang'anana. Magetsi ankathima mmene afunira. Fumbi la ku Ndirande linkalowa paliponse, ndipo mphemvu zimene ndinatulutsa m'makompyuta a anthu zikanadzaza ndowa. Ntchito tinagawana motere: ine kutsogolo, kukonza zowonongeka, a Matewere kuchipinda cha mkati, kumanga makompyuta ogulitsa. Kumeneko sankafuna wowathandiza. Ine ndinkati ndi kunyada kwa mmisiri basi, sindinaganizepo china.

Apa pirirani pang'ono, chifukwa mukapanda kumva izi nkhani yonse ikudutsani. M'kompyuta muli bolodi lalikulu, ife timati madabodi, pomwe zonse zimalumikizana. Pamenepo pali purosesa, imene imagwira ntchito yeniyeni, ndiponso memore, pomwe chinthu chilichonse chimayamba chaima chisanapite ku purosesa kapena chisanalembedwe pa disiki yosungira zinthu. Pakati pa ziwirizi pali njira yotchedwa basi, ndipo njirayi ili ndi kugunda kwake. A Matewere anandifotokozera ndi anthu omanga tchalitchi: aima pamzere kupatsirana njerwa, mmisiri ali pakhoma, wina ali pamulu kutola, ndipo wina akuimba nyimbo yoti onse azitsatira. Mmisiri ndi purosesa, wa pamulu ndi memore, nyimbo ndi basi. Purosesa za nthawi imeneyo zinkabwera ndi nambala yake yokhoma kufakitale, ndipo liwiro lake linali nambalayo kuchulukitsa ndi kugunda kwa basi. Ya nambala 6 pa basi ya 100 inkathamanga 600. Ukakweza basi kufika 133, purosesa yomweyo inkathamanga 800, osagula chilichonse. Pachizungu amati kuovakiloka. A Matewere ankati kukwapula makina.

Koma nyimbo ndi imodzi kwa onse. Ukaifulumizitsa, wa pamulu nayenso ayenera kufulumira. Memore yopangidwira 133 imakwanitsa bwinobwino, ndipo zoona makina amapepuka. Memore yopangidwira 100 imayesetsa. Kukazizira ngati mu Juni ikhoza kupirira, koma kukatentha imayamba kupereka njerwa zosweka, ndipo sinena kuti ndalephera. Mmisiri amangolandira n'kumanga. Zimenezi tinaziyesa tsiku lina pa kompyuta ya pashopu. Ndinadabwa kuona ikuuluka, ndinaomba m'manja ngati mwana. Dzuwa litafika paliwombo inangoti zii, sikirini yonse buluu. Tinaseka, a Matewere anaibweza pa 100, nati, “Waona? Izi n'zosewerera tokha. Za makasitomala ayi.” Mawu amenewa anatuluka pakamwa pawo, ine ndikumva ndi makutu angawa.

Kumayambiriro kwa 2003 kunabwera ntchito yatsopano m'tauni, yojambula maukwati pa vidiyo n'kukonzera pa kompyuta. Fanuel, bambo wa ana awiri wa ku Zingwangwa amene tinkapemphera naye, anabwera kudzandifunsa makina oyenera. Ndinamugwira dzanja ndekha kupita naye kwa a Matewere, ndipo anagula ya 800. Anzake ojambula ataona mmene ikuthamangira anatsatira, wina wa ku Machinjiri, wina wa ku Chilomoni, wina wa mu Ndirande momwemo. Onsewa kagwiridwe kawo kanali kamodzi. Makaseti a kamera anali odula ndiponso osowa, munthu ankakhala ndi awiri okha. Loweruka ajambula ukwati, Lolemba athira kasetiyo mu kompyuta, Loweruka lotsatira ajambulirapo ukwati wina. Ndiye kuti pakangotha sabata, ukwati wa munthu unkakhala malo amodzi okha padziko lonse, pa disiki ya kompyutayo.

Okutobala 2003

Ukwati wa Mphatso unachitika kukutentha koopsa. Wapampando wa komiti ya ukwati anali a Matewere, nanga akanakhala ndani? Wojambula anali Fanuel. Amayi anu anali atayamba kudandaula mutu, koma ukawafunsa ankati n'zotopa za ukwati, tisiyeni. Tsiku limenelo ndiwo anayambitsa nyimbo ya amayi a kwaya pomulowetsa Mphatso muholo. Inu mukudziwa mawu awo. Ankayambira pansi ngati sakufuna, kenako ankakwera mpaka malata kunjenjemera. Holo yonse inaimirira, azimayi nthungululu, ine misozi ili mbwembwembwe pamaso pa apongozi. Ndinamuona Fanuel atagwada patsogolo pawo ndi kamera, ndipo mumtima ndinati, zikomo Ambuye, izi zasungika. Pa zaka zonse za ukwati wathu panalibe wina anawajambulapo mawu, tinali ndi zithunzi zochepa chabe.

Mwezi usanathe, amayi anu anagwa akusesa pabwalo m'mawa. Pofika kuchipatala anali atapita kale. Anati ndi kuthamanga kwa magazi. Za maliro sindilemba, munalipo. Ndingonena kuti galimoto imene inanyamula bokosi kupita ku Phalombe inali pikapu ya a Matewere, ndipo anayendetsa okha. Tikuchokera kumanda, Mphatso anatsamira paphewa panga nati, “Adadi, bola tili ndi vidiyo ija. Ndikawamvanso akuimba.”

Novembala 2003

Fanuel anayamba kundizemba kutchalitchi. Ndinkati mwina akuchita ulemu ndi maliro. Kenako tsiku lina m'mawa anatulukira pashopu atasenza kompyuta pamutu, ataikulunga m'chitenje cha mkazi wake. A Matewere anali atapita ku Limbe. Fanuel anaitula patebulo, n'kukhala pansi penipeni, pasimenti.

“Madala, ndikuopa kunena.”

“Nena, maliro tinaika kale, chinanso choopsa n'chiyani?”

“Vidiyo ija ikukana.”

Tinayatsa. Koyambirira kunaoneka bwino, galimoto ya akwati ikufika patchalitchi. Posakhalitsa nkhope za anthu zinayamba kuphwanyika, timabokosi tobiriwira tinadzaza sikirini, mawu anasanduka kulira ngati chitsulo pa chopukusira. Mbali ya kuholo sinatseguke n'komwe. Ndinamufunsa kuti kaseti ija ili kuti, ngakhale yankho ndinkalidziwa.

“Ndinajambulirapo ukwati wa ku Chilomoni, madala, Loweruka lotsatira. Nditathira ndinaonako koyambirira kokha, kunali bwinobwino.”

“Nanga makinawa anayamba liti kuvuta?”

“Chiyambire kutentha. Amangouma, ndimazimitsa pakhoma n'kuyatsanso. Ndinkati ndi magetsi athuwa.”

Ndinaika pulogalamu yoyesera memore. Abale inu! Mizere yofiira inangoti mbwee kutsika pa sikirini, zolakwika zokhazokha. Ndinati chabwino, memore imafa, si zachilendo. Ndinatsegula bokosi, ndinaizula, ndinaiyang'ana pawindo: ya 100. Ndinapukuta magalasi, ndinayang'ananso: ya 100. Nanga memore ya 100 ikutani m'makina a 800? Ndinaibwezera, ndinalowa pomwe timasinthira kayendedwe ka bolodi, ndipo basi inali pa 133. Ndinamasula fani yoziziritsa, ndinapukuta mafuta pa purosesa ndi chala, ndipo nambala inaonekera poyera: 600. Ha! Makina okwapulidwa, ogulitsidwa ngati a 800, m'shopu imene ine ndinkatsegula m'mawa uliwonse. M'kachipinda ka Fanuel ka malata opanda siling'i, mu Okutobala, memore ija inakhala ikupereka njerwa zosweka, ndipo nyimbo ya amayi anu inadutsa mmenemo. Ndinamuuza Fanuel kuti awasiye makinawo, ndidzamuitana. Sindinamuuze zimene ndaona, chifukwa inenso ndinali ndisanakhulupirire.

A Matewere anafika masana akupukuta thukuta. Ndinangowaikira purosesa ndi memore patebulo, moyandikana. Anaziyang'ana, anandiyang'ana, kenako anapita kukatseka chitseko cha shopu.

“Ndi ya Fanuel?”

“Ndi ya Fanuel, bwana. Muli ukwati wa Mphatso mmenemo. Munali.”

Anakhala pampando ngati wina wawakankha. Ndimanena zoona, nkhope yawo inagwa, sananamizire. Anagwira kumutu nati, “Mayo ine, mlamu wanga.” Ndinkayembekeza kuti anena kuti anawapusitsa ku Joni, kuti sankadziwa, ndipo ndikanawakhulupirira ndi mtima wonse. Koma ayi.

“Khoromana, mapurosesa amenewa amaphikidwa mu uvuni umodzi. Ya 600 imathamanga 800 popanda vuto, azungu amangosintha nambala kuti atidyere. Ndinkayesa makina aliwonse ndisanagulitse.”

“Munkayesa liti?”

“Mu Juni, mu Julaye.”

“Nanga memore?”

“Ya 133 inasowa, ukudziwa iwe. Ndikanadikira tikanatseka shopu. Ana ako akanadya chiyani?”

“Angati, bwana? Makina otere ndi angati?”

Anati onse amene anamanga chiyambire kusowa kuja, kuphatikizapo a ojambula atatu aja. Ndinamva ngati pansi pakupendekeka. Munthu amene anandituma kukasamba chifukwa cha zikhadabo zakuda! Ndinakalipa, ndinatukwana mawu amene sindingalembe m'buku lowerenga adzukulu, mpaka wosoka nsapato wa khomo loyandikana anagogoda kufunsa ngati kuli ndewu. A Matewere anandisiya ndithe. Kenako analankhula motsitsa.

“Tamvera. Ku Joni kuli anthu amene ntchito yawo ndi kuvuula zinthu pa disiki zowonongeka. Ali ndi zipangizo zimene ife sitinazionepo. Ndi odula, iwe sungathe, makamaka pano wangochoka pa ukwati ndi maliro. Ine ndikupita mu Januwale. Ndiitenga disikiyi, ndilipira ndekha, ngakhale ndigulitse pikapu. Pobwera ndibweretsanso memore ya 133, tidzasinthire anthu onse mwakachetechete, tidzati ndi sevisi yaulere. Iwe ungosunga pakamwa mpaka Januwale. Ukalankhula lero, shopu yatha, ulendo watha, ndipo disikiyi sipita kulikonse.”

Ndinatuluka. Ndikukuuzani, ana anga, mawu amenewo anali okoma. Monga mmisiri ndinkadziwa kuti chimene chalembedwa chosweka ndi chosweka, koma ndinkadziwanso kuti mbali ya kuholo mwina inali yonse, yangosochera pa disiki chifukwa chozimitsira pakhoma kuja. Mwayi unalipo. Vuto linali lakuti kuyambira Novembala mpaka Khirisimasi ndiye nyengo ya maukwati, Loweruka lililonse, ndipo dzuwa silinkasewera. Ndinaganiza zopita kwa ojambula aja n'kungotsitsa basi osanena kanthu, koma makina akamayaka amalemba liwiro lake pa sikirini. Munthu wogula 800 akaona 600 afunsa. Ndinaganiza zongowauza kuti asamafufute makaseti, koma munthu wa makaseti awiri sungamuuze zimenezo popanda chifukwa chomveka.

Ukwati unali wa Mphatso, ndiye Loweruka ndinakwera minibasi kupita ku Machinjiri kumene ankakhala ndi mwamuna wake. Ndinamupeza akuchapa, atavala duku lakuda. Ndinamufotokozera zonse, njerwa ndi nyimbo zomwe, mmene ndakufotokozerani inumu. Ndinkaganiza kuti ndikumudziwa mwana wanga, wofatsa uja, wa Sande sukulu. Anapukuta manja pachitenje, nandiyang'ana m'maso.

“Ndiye mukufunsa chiyani, adadi? Apatseni disikiyo ipite.”

“Mwana wanga, nanga maukwati a anthu ena pakati apa?”

“Enawo amayi awo ali moyo. Akhoza kukawaimbira mawa.”

“Mphatso!”

“Musandiitane choncho. Inu munakhala nawo zaka zonsezi, mawu awo ali m'mutu mwanu. Ana anga adzawamvera kuti? Januwale si kutali. Mukhale chete, adadi, kamodzi kokha m'moyo wanu mukhale chete.”

Tiyi amene anandipatsa anazizira m'kapu. Ndinatsanzika ndili wotsimikiza kuti ndichita zimene wanena, chifukwa mwana wamasiye ukamukaniza chinthu chotere udzayang'ana kuti? Ndili pasiteji kudikira minibasi, kunatulukira mdipiti wa ukwati, mahutala pipii. Patsogolo panali pikapu, ndipo kumbuyo kwake kunaima wojambula wa ku Machinjiri uja, kasitomala wathu, kamera ili paphewa. Anandiona, nandikweza dzanja akumwetulira. M'minibasi ya ukwatiwo yotsatira pikapuyo munali mayi wina wokalamba, wowonda zedi, khungu lotuwa ngati munthu wongochoka kuchipatala, atatulutsa mutu pawindo akuimba ndi mphamvu zake zonse, akukupiza chitenje. Sindinamudziwe, sindikumudziwa mpaka lero. Ndinangodziwa kuti Lolemba kaseti ija ithiridwa m'makina okwapulidwa, ndipo Loweruka ifufutidwa. Minibasi yanga inabwera, kondakitala anakuwa mpaka kutopa, inapita ine ndili chiimire.

Lolemba sindinapite kushopu. Ndinatenga sikuludiraiva, ndinalawirira ku Machinjiri, ndipo ndinamupeza mnyamata wa kamera uja akulumikiza zingwe kuti ayambe kuthira. Ndinamuuza kuti aime kaye. Ndinatsitsa basi pa 100, makina anayaka, sikirini inalemba 600.

“Madala, mwawatani makina anga?”

“Sindinawatani. Ndi mmene analili chigulire. Tsopano ayenda pang'onopang'ono, koma sadya ukwati wa munthu.”

Anandigwira pakolala. Sindinamuletse, ndinamuonetsa memore n'kumuwerengera nambala. Anandisiya, anakhala pansi, nayamba kutchula maukwati awiri amene anali atamuvuta kale, eni ake akumuopseza ndi polisi, iye akumati ndi matsenga a ojambula anzake. Kuchoka apo ndinapita ku Chilomoni, kenako Ndirande, kenako kwa Fanuel ku Zingwangwa. Fanuel sanakalipe. Analira, bambo wa ana awiri, akuti, “Ndiye ine ndimadziimba mlandu masiku onsewa.” Masiku otsatira ndinayendera ena onse amene ndinkawakumbukira.

Zotsatira zake mukhoza kuziganiza. Anthu anakhamukira kushopu ndi makompyuta pamutu, msika wonse unabwera kudzaonerera. A Matewere anagulitsa pikapu ija kuti abweze anthu, ndipo pofika chaka chatsopano pachitseko panali loko. Ku Joni sanapite. Tinakumana kamodzi kokha pambuyo pake, pasiteji ya ku Soche, ataonda, ovolosi yoyera ija palibe. Ndinawapatsa moni. Anandiyang'ana nati, “Ndikanakubweretsera mkazi wako, Khoromana.” Anakwera minibasi. Atamwalira, pamaliro awo ndinapita, ndinakhala kumbuyo.

Mphatso anandimana mawu. Ndikapita ku Machinjiri ankandipatsa moni wa mlendo, n'kulowa kuchipinda, kundisiya ndi mkamwini tikukamba za mvula. Khirisimasi imeneyo sanabwere ku Bangwe. Inu awiri munkafunsa, ine ndinkati achemwali anu ali ndi zochita zapabanja. Zinandipweteka kuposa kutha kwa ntchito, ndipo sindinathe kumuimba mlandu.

2004 mpaka lero, Bangwe

Ndinayamba kukonza makompyuta pakhonde pano, ndipo ndi ntchito imeneyo imene inakuphunzitsani sukulu mpaka ndinapuma. Disiki ya Fanuel ndinaisunga, iye ndinamupatsa yanga. Ndinkaiika m'makina oyenda pa 100, ndi memore yoyesedwa, n'kumatola zidutswa pang'onopang'ono ngati munthu wotola mpunga wotayikira mumchenga. Za kuholo sindinapezeko kanthu kooneka. Patapita zaka, nditasonkhanitsa kandalama kangachepe, disikiyo ndinaitumiza ku Joni ndi mnzanga wina woyendetsa thiraki, koma anabwera nayo akuti anena kuti inasiya kuzungulira, yachedwa. Ndiye musandifunse ngati Januwale uja ikanatheka. Sindikudziwa, ndipo palibe adzadziwe.

Chimene ndinavuula ndi chimene mumaonacho. Galimoto ya akwati ikufika patchalitchi, ana a maluwa akukankhana. Kenako kamera ikutembenukira pakhomo, pomwe ndaima ine, thukuta lili kamukamu mu suti. Amayi anu akutulukira chakumanja, atatipatsa msana, duku lawo la buluu lija. Akukweza manja pakhosi panga, ndipo mawu akumveka bwinobwino, opanda chilema: “Bambo a Mphatso, taimani kaye. Tayi yakhotanso. Mundichititsa manyazi pa anthu inu.” Akuikoka, akuimenya kamodzi ndi chikhatho kuti igone, akuyamba kucheuka. Nkhope isanaoneke, timabokosi tobiriwira tija tikudzaza sikirini.

Ndinapita nako kachidutswaka ku Machinjiri mwana woyamba wa Mphatso atabadwa. Ndinkaopa kuti andiponyera kumaso. Anaonera vidiyoyo mwana ali kubere, osaphethira. Itatha anati, “Bwezeraninso.” Ndinabwezera. “Bwezeraninso.” Tinakhala choncho mpaka mkamwini anabwera kuntchito. Potsanzika anandiperekeza mpaka kumsewu, koyamba chichitikire zija, koma za disiki sanatchule, ndipo mpaka lero sanandiuzepo kuti ndinachita bwino. Inenso sindimufunsa. Mwina akawerenga izi adzalemba yankho lake m'mphepete, pepala ndamusiyira.

Madalitso, pali china cha pa ukwati wako chimene iwe sunaone chifukwa unali m'galimoto ya akwati. Tsiku la ukwati wako ndinaima pakhomo la tchalitchi, tayi ndamanga ndekha. Mphatso anachoka pamzere wa amayi a kwaya, anabwera molunjika, osandipatsa moni. Anaigwira, anaikoka mwamphamvu mpaka ndinatsamwa, anaimenya kamodzi ndi chikhatho kuti igone. Kenako anabwerera pamzere n'kuyambitsa nyimbo.